Mpikisano ndi chisanu m'madimba a ku Britain

Mwezi wa Okutobala ukalowa, olima ndiwo zamasamba ku Britain amasiya kukhulupirira dzuwa. Masana kumatha kuwala bwino mpaka munthu kuvula jekete, koma madzulo thambo likangoyera, mphepo n'kuti zii, aliyense amadziwa kuti usiku umenewo chisanu chikhoza kugwa. Ndiye anthu amati akaweruka kuntchito amathamangira kudimba ndi madengu, mawilibala ndi matochi, kukathyola chilichonse chomwe sichingafike m'mawa chili chamoyo.

Madimba ambiri otere ndi timinda ta lendi totchedwa allotment, tomwe makhonsolo amabwereketsa kwa anthu okhala m'matauni. Lamulo la mu 1908 linalamula makhonsolo kupereka malo oterewa anthu akawafuna, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma linalimbikitsa aliyense kulima chakudya chake pansi pa mfuwu wa Dig for Victory. Kamunda kathunthu kamakhala pafupifupi masikweya mita 250. Lero m'mizinda ina munthu amadikira zaka zingapo kuti apatsidwe kake.

Nyengo yolima kumeneko ndi yaifupi. Mbewu zosapirira kuzizira zimawokeredwa panja chakumapeto kwa Meyi, ndipo pofika Seputembala masiku amayamba kufupika mooneka. Kumapiri a ku Scotland chisanu choyamba chimatha kugwa mu Seputembala momwemo, pomwe kummwera kwa England nthawi zambiri chimadikira kumapeto kwa Okutobala kapena Novembala. Pakati pa London chimachedwa koposa chifukwa nyumba ndi misewu zimasunga kutentha.

Chisanu chimakonda usiku wopanda mitambo. Kutentha komwe nthaka yasunga masana kumathawira kumwamba popanda chokutchinga, ndipo mpweya wozizira, pokhala wolemera, umatsetserekera kumalo otsika n'kukhazikika. N'chifukwa chake kamunda kakumunsi kwa chitunda kamatha kupserera pomwe ka mnzake kumtunda kali bwinobwino. Amene anaonapo tomato wa m'dimba atawauka m'mawa wa mu Juni kumapiri a ku Dedza akudziwa mmene zimaonekera: masamba akuda bii, olefuka ngati awathira madzi owira. Madzi a mkati mwa tsamba amaundana kutentha kukatsika pansi pa madigiri 0, n'kung'amba timaselo take, ndipo dzuwa likatuluka mbewuyo imangogwa.

Olima ozolowera sadikira kuti a zanyengo alengeze madigiri 0. Zipangizo zoyezera kutentha zimakhala pamwamba, kupitirira mita imodzi kuchokera pansi, choncho akamva kuti usiku kufika madigiri 3 kapena 4 amadziwa kuti panthaka penipeni pakhoza kuundana.

Luso lonse lagona pa kudziwa choyamba kuchotsa ndi choyenera kusiya. Oyamba kupulumutsidwa ndi tomato, tsabola, mabiringanya, nkhaka, zitheba, maungu ndi chimanga chachiwisi, mbewu zochokera kumaiko otentha zomwe usiku umodzi wokha umazimaliza. Tomato amathyoledwa yense, wakupsa ndi wosapsa yemwe. Wobiriwirayo amaikidwa m'kabati kapena m'pepala pamodzi ndi nthochi yakupsa, yomwe imatulutsa mpweya wa ethylene wofulumizitsa kupsa. Wotsala amaphikidwa ndi anyezi, maapozi, shuga ndi viniga kukhala chatine wa m'mabotolo, wodyera buledi ndi tchizi mpaka chaka chamawa.

Dzungu limafuna ulemu wake. Amalidula ndi mpeni n'kusiya kaphesi kotalikirapo, ndipo salinyamulira pa kaphesiko, chifukwa kakathyoka kuwola kumayambira pomwepo. Kenako limakhala padzuwa kapena pawindo lofunda kwa masiku pafupifupi khumi kuti khungu liume, mpaka chikhadabo chizikanika kulowa. Dzungu lokhwima chotero limatha miyezi ingapo m'chipinda chouma, koma lomwe chisanu chalikhudza limayamba mawanga ofewa pakangopita masiku ochepa.

Mbatatesi imakumbidwa ndi foloko tsiku lopanda mvula, n'kusiyidwa pamtunda maola angapo kuti dothi liume. Yolasidwa ndi foloko imadyedwa msanga; yabwino imalowa m'matumba a pepala kapena a chiguduli, kumdima. Ikaona kuwala imabiriwira, ndipo kubiriwirako kumabwera ndi poizoni wotchedwa solanine. Anyezi amalukidwa m'zingwe n'kupachikidwa m'shedi, karoti ndi bitiruti zimakwiriridwa m'mabokosi a mchenga wachinyezi.

Ndiye pali mbewu zomwe mlimi amazidutsa dala, chifukwa chisanu chimazikometsa. Masamba otchedwa kale pa Chingerezi, kabichi wa nyengo yozizira, liki, timakabichi ting'onoting'ono ta Brussels sprouts ndi mizu yoyera ya parsnip zimadziteteza ku kuzizira posandutsa sitachi kukhala shuga, popeza madzi a shuga saundana msanga. Zotsatira zake, parsnip wokumbidwa chisanu chitagwa kangapo amatsekemera kuposa wa mu Seputembala, ndipo iye pamodzi ndi ma sprouts ndiwo sasowa pa chakudya cha Khirisimasi m'nyumba zambiri za ku Britain. Zomwe zili pakatikati, monga letesi ndi sipinachi, amazifunditsa nsalu yopyapyala yoyera yolowa kuwala ndi madzi, n'kutsindira m'mphepete ndi njerwa. Nsaluyo imawonjezera madigiri ochepa chabe, koma ndi okwanira kutalikitsa nthawi yothyola ndi masabata angapo.

Anthu ochokera kummwera kwa Africa omwe ali ndi timinda kumeneko amapikisana ndi chisanu kuposa anzawo, chifukwa zomwe amazilakalaka ndizo zosapirira. Mngerezi amalima dzungu pofuna dzungulo, pomwe Mmalawi kapena Mzambia diso limakhala pa nkhwani, ndipo masamba ndiwo amayamba kufa. Choncho sabata yomaliza chisanu chisanagwe imakhala yothyola nkhwani, khwanya ndi bonongwe mwakathithi. Mfutso ndi wovuta kupanga chifukwa dzuwa la mu Okutobala ndi lofooka ndipo mpweya ndi wachinyezi. Masamba oyanikidwa panja amachita nkhungu asanaume. Ambiri amangosadzula nkhwaniwo, kuufutsa pang'ono m'madzi owira, kuufinya n'kuuika m'timapepala ta pulasitiki m'firiza. Chimanga choyera nacho chimafuna nyengo yaitali kuposa chachikasu chotsekemera chomwe Angerezi anazolowera. David Mwanaka, mlimi wochokera ku Zimbabwe, anatchuka chifukwa chotha kuchilima kufupi ndi London patapita zaka akuyesayesa, n'kumagulitsa chachiwisi kwa anthu a ku Africa okhala kumeneko.

Zokolola zikachuluka sizithera pakhomo pokha. Chakumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala matchalitchi ndi masukulu amachita mwambo wothokoza chifukwa cha zokolola, womwe m'maonekedwe ake a lero unayambitsidwa ndi m'busa Robert Hawker ku Morwenstow m'chigawo cha Cornwall mu 1843. Maungu, maapozi ndi zakudya za m'zitini zimaunjikidwa kutsogolo kwa tchalitchi, kenako n'kuperekedwa kwa okalamba ndi mabanja osowa.

Lamulungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo mdima umayamba kugwa isanakwane 5 koloko madzulo. Ntchito ya kudimba imasamukira Loweruka ndi Lamulungu. Mitengo ya zitheba imazulidwa n'kumangidwa mtolo, zomera zopserera zimapita pa mulu wa kompositi kupatula zomwe zinagwidwa ndi chiwawu, ndipo mabedi opanda kanthu amathiridwa manyowa kapena kufunditsidwa makatoni. Adyo yekha ndiye amalowa m'nthaka ena onse akutuluka: amabzalidwa mu Okutobala kapena Novembala, chifukwa amafunika kuzizidwa mwezi umodzi kapena iwiri kuti mutu wake ugawikane bwino, ndipo amadzakumbidwa mu Juni kapena Julayi.