Kusankha Cithunzi ca pa Citsulo

Aphunzitsi ndi ana inu nonse, phunziro lathu la lero likunena za zithunzi zosindikizidwa pa citsulo, zimene anthu amakoloweka pa zipupa za nyumba zao.

Coyamba mudziwe kuti cithunzi cotere si cija cimene mmisiri anajambula ndi dzanja lake. Mmisiri amajambula cimodzi cokha ndi utoto pa nsalu. Osindikiza amacitola ndi kamera, nacisindikiza pa pepala ndi inki yapadera. Pepalalo amaligoneka pa aluminiyamu wokutidwa ndi pulasitiki wopyapyala, nazipanikiza m'makina otentha pafupifupi madigiri 200. Kutenthako kumasandutsa inki kukhala mpweya, ndipo mitundu yake imalowerera m'pulasitikimo. Zimenezi n'zosiyana ndi zithunzi za mkuwa zimene amisiri a m'dziko lathu amasula ndi manja.

Aluminiyamu ndi wopepuka ndipo sagwira dzimbiri monga malata. Ciswe sicimudya, cinyezi ca m'dzinja sicimupinda monga cimacitira ndi pepala, ndipo mwaye wa mbaula umacoka ndi kansalu konyowa. Adani ake ndi awiri: dzuwa, limene limasulukitsa mitundu pang'onopang'ono, ndi zinthu zakuthwa zimene zimakanda.

Musanagule, yesani kukula kwa cipupa. Pa sitolo, yandikirani cithunzi ndi kupenyetsetsa mizere yake. Ngati mizereyo ili yosaoneka bwino, ndiye kuti anakulitsa kacithunzi kakang'ono mopitirira muyeso. Cithunzi conyezimira cikayang'anizana ndi zenera cimasanduka kalirole, cotero m'cipinda cowala kwambiri sankhani cosanyezimira.

Koma funso lalikulu kuposa onse ndi ili: kodi anajambula ndani, ndipo kodi analola kuti cisindikizidwe? Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Cithunzi cingakongole, koma cili cakuba. Mmisiri amagula utoto ndi nsalu, nakhala masabata ambiri pa nchito imodzi. Wina akasindikiza nchitoyo ndi kugulitsa popanda cilolezo, mmisiri sapatako ngakhale ngwee imodzi, ndipo ana ake amagona ndi njala pamene cithunzi cake cikukometsa nyumba za anthu ena.

Lamulo la dziko lathu la caka ca 1994 limateteza nchito ya mmisiri pa moyo wake wonse, ndiponso zaka 50 iye atamwalira. Tengani citsanzo ca Henry Tayali, mmisiri wochuka wa m'Zambia, amene anabadwa mu 1943 namwalira mu 1987. Nyumba yoonetseramo zithunzi ya ku Showgrounds mu Lusaka imachedwa ndi dzina lake. Ngakhale iye anatisiya, munthu sangasindikize zithunzi zake n'kumagulitsa popanda kulola kwa amene ali ndi ulamuliro pa nchito zakezo. Cifukwa cake yang'anani dzina la mmisiri pa cithunzi kapena kumbuyo kwake. Wogulitsa akalephera kukuuzani mwini wake, sungani ndalama zanu.

Aphunzitsi, phunziro likatha, ana aonkhetse 1987 ndi 50, kuti apeze caka cimene citetezo ca zithunzi za Tayali cidzatha. Pambuyo pake mwana aliyense ajambule cithunzi cake, alembe dzina lake ndi caka m'munsi, ndipo mucikoloweke pa cipupa ca kalasi pamene dzuwa siliomba.