Cikondi kapena banja? Mabuku a makedzana amene agawa owelenga mu Lusaka

Jamu ikagwila pa Great East Road m'mawa, yang'anani anthu amene muli nao mu minibasi yocokela ku Chelstone. Ena agona, ena akangana na kondakita pa nkhani ya chenji, koma pamakhala mmodzi kapena awili amene maso ali pa foni, cala cingoyenda pang'onopang'ono. Si onse ali pa Facebook. Ena ali ku England wa zaka 200 zapitazo, kumene mtsikana wovala dilesi lofika kumapazi afunika kusankha pakati pa mwamuna amene mtima wake ufuna ndi mwamuna amene banja lake lifuna.

Mabuku otele si acilendo mu Lusaka. Amayi athu anakula na tumabuku twa Mills & Boon, kampani imene inayamba ku London mu 1908, ndipo mpaka lelo tupezeka kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya m'tauni, mapepala ofiilila, cikuto cogwilidwa na selotepu. Cimene casintha n'cakuti manje nkhani izi zabwela pa foni na pa TV. Netflix itatulutsa Bridgerton mu December 2020, anthu padziko lonse anayamba kufunafuna mabuku a Julia Quinn, mlembi wa ku America amene analemba nkhaniyo. Buku loyamba, The Duke and I, linatuluka mu 2000, ndipo onse pamodzi ndi 8, lililonse la mwana mmodzi wa m'banja la Bridgerton.

Zambili mwa nkhani izi zimayenda njila imodzi. Pali mtsikana wofika pa msinkhu wokwatiwa, pali banja limene lili na dzina koma thumba lili pafupi kuuma, ndipo pali amuna awili: wacuma amene makolo amufuna, na wina amene mtsikana amulota usiku. Nthawi zina amene ali pampanipani ndi mnyamata woyamba kubadwa, amene ayenela kukwatila kuti dzina la atate ake lisafe. Wowelenga aliyense adziwa kale kuti pothela cikondi cidzawina. Mkangano umabuka pa funso lina: kodi cinayenela kuwina?

Mukamvetsela anthu akukambilana, kaya ku saluni, pa nthawi ya lanchi kapena pamzele wa basi ku Kulima Tower, mupeza kuti agawika. Gulu loyamba, makamaka atsikana a ku koleji na amene angoyamba nchito, liimilila kumbali ya mtima. Ati amene akakhala m'nyumba ija usana na usiku ni mtsikana, osati amalume, ndipo banja limene likwatitsa mwana kuti libweze nkhongole lisamakambe za ulemu. Akawelenga mtsikana akukana mwamuna wolemela pamaso pa amayi ake, amamva monga ndiwo akana. Gulu laciwili, mmene muli azimayi amene aona zambili, alangizi na ana oyamba kubadwa, liti mabuku awa anama. Ati cikondi sicilipila lendi, ndipo tsiku limene cikwati cidzagwedezeka, okhala pansi kukonza adzakhala acibale omwe aja unawanyoza. Palinso kagulu ka abambo amene amaseka ati ni nkhani za akazi cabe, koma ukayamba kufotokoza ndiwo amafunsa kuti nanga zinathela kuti.

Kuti timvetse cifukwa cake magulu awa samvana, tiyeni tiyang'ane buku limene olemba ambili amatengelako, Pride and Prejudice, limene Jane Austen anatulutsa mu 1813. Iye anali kulemba za moyo wa m'masiku ake, koma olemba a pambuyo pake monga Georgette Heyer na Julia Quinn anatenga nthawi imeneyo kukhala bwalo la nkhani zao. M'bukuli, banja la Bennet lili na ana aakazi 5, wamwamuna palibe. Malinga ndi mmene cuma ca banjalo cinalembedwela, nyumba na minda ya Longbourn zidzapita kwa wacibale wamwamuna, Mr Collins, tsiku limene atate adzamwalila. Ndiye kuti amayi na ana ao angapezeke panja. Collins atafunsila Elizabeth, mwana waciwili, amayi anaona cipulumutso, pakuti nyumba ikanakhalabe m'banja. Elizabeth anakana cifukwa sanali kumukonda ndipo sanali kumulemekeza. Patangopita masiku ocepa, mnzake wapamtima Charlotte Lucas, wa zaka 27, anavomela mwamuna yemweyo. Sanabise kuti si cikondi. Anafuna denga lake, ndipo anadziwa kuti fodya wako ni amene ali pamphuno.

Owelenga ambili amaseka Mrs Bennet cifukwa ca pakamwa pake na kuthamangitsila ana ku cikwati. Koma munthu amene anaonapo mkazi wamasiye akulandidwa mipando, filiji na nyumba malilo akalibe kutha, sangamuseke kwambili. Kuno kwathu vuto ili linakula mpaka tinacita kupanga lamulo, Intestate Succession Act ya mu 1989, limene limagawa cuma ca munthu amene wamwalila osasiya wilu: 50 pelesenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndipo 10 kwa ena amene anali kudalila womwalilayo. Mrs Bennet analibe comuteteza pa nyumba ija. Ku England, mkazi wokwatiwa anayamba kukhala na mphamvu pa katundu wake ndi malamulo a mu 1870 na 1882, Austen atamwalila kalekale. Conco cimene mabuku awa amachula kuti udindo wa ku banja si mwambo cabe. Ni funso la amene adzadya mawa na kumene adzagona.

N'cifukwa cake nkhani ya Anthony Bridgerton imakhudza ana oyamba kubadwa. M'buku laciwili, The Viscount Who Loved Me, atate ake anamwalila atalumidwa na njuci iye ali na zaka 18, ndipo anamusiyila amayi na azing'ono 7, wothela akali m'mimba. Ikafika nthawi yokwatila, Anthony afuna mkazi woyenela dzina la banja, koma amene sadzamukonda kwambili. Asankha Edwina, koma mtima upita kwa mkulu wake wa Edwina, Kate, amene nayenso anaika zofuna zake pambali kuti mng'ono wake akwatiwe bwino. Munthu wa mu Lusaka amene salale yake imagawidwa ikalibe kulowa, ku fizi ya mng'ono wa ku koleji, mankhwala a amayi na feteleza wa kumudzi, safunika kumufotokozela zimenezi. Akaganiza zokwatila, amawelengela ngati mkazi uja adzavomela kukhala na azilamu awili m'nyumba ya zipinda ziwili. Mtsikana nayenso amawelengela ngati mwamuna uja adzamulola kupitiliza kutumiza ndalama kwao.

Koma apa ndi pamene gulu laciwili lili na mfundo yolimba. Elizabeth anakana Collins, zoona, koma pothela anakwatiwa na Mr Darcy, amene anali kupeza mapaundi 10,000 pa caka, kuwilikiza kasanu zimene atate a Elizabeth anali kupeza. Cikondi na ndalama zinabwela pa ngolo imodzi. Palibe anagona na njala cifukwa ca kukana kwake, ndipo ngakhale amayi aja anavina. Mabuku ambili a mtundu uwu amacita cimodzimodzi: mwamuna wa kumtima amapezeka kuti ni mwana wa mfumu kapena walandila cuma ca agogo. Mlembi amaonetsa mtsikana akusankha molimba mtima, kenako amamulipilila bilu. Ku Mtendere na ku Kanyama, mnyamata amene umukonda akakhala wogulitsa talk time, kawilikawili amakhaladi wogulitsa talk time.

Olemba a mu Africa anafotokoza nkhani yomweyi popanda shuga. Mu The Bride Price, buku la Buchi Emecheta la mu 1976, nkhani icitika ku Nigeria m'zaka za m'ma 1950. Atate a Aku-nna atamwalila ku Lagos, banja libwelela kumudzi ku Ibuza, kumene amayi ake alowedwa cokolo na m'bale wa malemuyo, Okonkwo. Bambo uyu ayembekezela lobola yaikulu pa mtsikanayo kuti akweze dzina lake m'mudzi. Aku-nna akonda mphunzitsi wake Chike, amene anthu amunyoza cifukwa makolo ake akale anali akapolo. Awiliwa athawa, Okonkwo akana kulandila lobola, ndipo Aku-nna amwalila pobeleka, monga mmene cikhulupililo ca m'mudzi cinali kuopsezela. Mu The River Between, buku la Ngugi wa Thiong'o la mu 1965, Waiyaki na Nyambura agwela pakati pa mkangano wa Akhristu na osunga mwambo wa Agikuyu ku Kenya, ndipo buku litha awiliwa ali m'manja mwa akulu oti awaweluze.

Gulu laciwili likawelenga mabuku awa liti mwaona, mau a akulu akoma akagonela. Koma gulu loyamba limayankha kuti yang'anitsitsani amene anapha Aku-nna. Okonkwo sanali kuopa njala monga Mrs Bennet. Anali kufuna ulemu wogula na mwana wa m'bale wake, mwana amene anali akali wamng'ono. Uwu si udindo, ni dyela lovala malaya a mwambo. Ndipo sitifunika kupita ku Nigeria kuti tiuone. Mu 2023 dziko lathu linasintha lamulo la cikwati kuti munthu wosakwana zaka 18 asakwatile kapena kukwatiwa, ngakhale mwa mwambo, cifukwa mabanja ena anali kuona mwana wamkazi monga ng'ombe kapena malata. Ngakhale m'tauni, tonse tinamvapo za ankhoswe amene amawonjezela lobola cifukwa mtsikana ali na digili, mpaka acinyamata atopa n'kuyamba kukhalila limodzi osauza aliyense.

Buku limene limakhalitsa cete magulu onse awili ni Persuasion, la Austen yemweyo, limene linatuluka kumapeto kwa 1817, iye atamwalila kale. Anne Elliot, ali na zaka 19, atomeledwa na Frederick Wentworth, msilikali wa pamadzi wopanda cuma. Lady Russell, mnzao wa malemu amayi ake amene anali monga kholo kwa iye, amulangiza kuti athetse. Anne amvela. Papita zaka 8, iye akali yekha, abale ake amuona monga wanchito wa m'nyumba, ndipo Wentworth abwelela ali kaputeni wokhala na mapaundi 25,000 komanso mtima wowawa. Pothela akwatilana, koma zaka 8 zija palibe anawabwezela. Codabwitsa n'cakuti Anne sadziimba mlandu cifukwa comvela munthu amene anamulela, koma sanenanso kuti malangizowo anali abwino. Lady Russell sanali mfiti. Anali kuopa kuona mwana wa mnzake akuvutika na mwamuna amene angafele panyanja. Mantha ake anali oona, ndipo anamulanda mwana zaka za utsikana wake.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Buku labwino la cikondi silija limene mtsikana awina, kapena limene makolo awina. Ni lija limene mlembi apatsa amayi cifukwa comveka cokanila, ndipo aonetsa mtengo umene mwana alipila, kaya wamvela kapena wathawa. Wowelenga akamaliza amatha kusiyanitsa Mrs Bennet na Okonkwo, kholo loopa njala na kholo lofuna kulemela. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika tsiku limene mng'ono wanu adzabweletsa mnyamata wa mtundu wina, wa chalichi cina kapena wopanda nchito yolembedwa, banja lonse n'kukuyang'anani kuti mukambe. Kholo loopa njala mungakhale nalo pansi, kulionetsa mapulani, kupangana za lobola yolipila pang'onopang'ono. Kholo lofuna kulemela olo mulipatse zingati, lidzapeza cina.

Amene afuna kudziweluzila okha, mabuku a Jane Austen ni akale kwambili moti apezeka kwaulele pa intaneti, pa Project Gutenberg, ndipo sadya bandulo yambili. Cizungu cake n'colimba m'macaputala oyamba, koma cimazolowelana. Mukafika pamene Charlotte avomela Collins, imani pang'ono, mufunse amayi kapena azakhali anu kuti iwo akanacita bwanji. Yankho lao lingakuuzeni za mmene cikwati cao cinayambila, nkhani imene mwina sanakuuzenipo.