Nkhukundembo ya pa Khirisimasi: Kagulidwe ndi Kaphikidwe Kake

Chaka chilichonse mwezi wa December ukayandikira, timalandira funso limodzimodzi kuchokera kwa ophunzira athu ndi kwa ena amene anatsiriza maphunziro n'kubwerera kumidzi kwawo kwa Kambombo, kwa Tembwe, kwa Chikwa ndi kwa Chifunda. Amafunsa ngati kuli kwanzeru kugula nkhukundembo yodya pa Khirisimasi, ndi mmene angaiphikire kuti isakhale yolimba ngati chikopa. Funsoli si laling'ono. Ino ndi nyengo imene ndalama imafunika kumunda, nkhokwe zambiri zayamba kupepuka, ndipo mu January ana adzafuna zakusukulu. Banja limene lawononga ndalama pa mbalame yodwala, kapena ladwala m'mimba chifukwa cha nyama yosapsa, limalowa chaka chatsopano ndi chisoni. N'chifukwa chake taona kuti tiyankhe onse pamodzi.

Mbalameyi si yakuno. Kwawo ndi ku America, kumene anthu a ku Mexico anayamba kuiweta kalekale. Anthu a ku Spain anaitengera ku Ulaya chaka cha 1500 chitangopitirira, ndipo m'kupita kwa nthawi Angerezi anaisandutsa ndiwo ya pa Khirisimasi. Choncho palibe lamulo la mpingo lonena kuti tsikuli lidyeredwe nkhukundembo. Nkhuku, bakha kapena nkhanga yoweta ndi ndiwo yaulemu ndithu. Ubwino wa nkhukundembo ndi kukula kwake: imodzi imakwanira banja lalikulu pamodzi ndi alendo. Komanso ndi nyama imene munthu amadya mtima uli m'malo, kusiyana ndi nyama ya m'tchire yogulidwa mobisa, imene yalowetsa anthu ambiri a m'chigwa cha Luangwa m'milandu.

Yambani mwawerengera

Tambala wamkulu wa nkhukundembo zakumudzi amalemera makilogalamu 6 mpaka 8, pamene thadzi limalemera 3 mpaka 5. Mukachotsa nthenga, magazi, mutu, zipalapaso ndi matumbo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limapita. Tambala wa makilogalamu 7 amasiya nyama ndi mafupa zokwana makilogalamu 5 kapena kupitirira pang'ono, ndipo zimenezi zimakwanira anthu pafupifupi 20 ngati ndiwo ya nsima kapena mpunga. Nyama imeneyi ikufanana ndi ya nkhuku zakumudzi zinayi. Tsono funsani mtengo wa nkhuku zinayi pamsika, muuyerekeze ndi umene mwauzidwa. Ngati pakhomo panu muli anthu asanu ndi mmodzi okha, gulani thadzi, kapena gwirizanani ndi banja lina kuti mugawane. Kutentha kwa kuno ku Chama sikulola kusunga nyama yotsala masiku ambiri.

Kusankha yamoyo

Pitani kwa woweta mwiniwake m'mawa, muone mbalame zili pamodzi zisanagwidwe. Yathanzi imayenda mwamphamvu, maso ake ndi owala, nthenga zake n'zosalala, ndipo mphuno zake n'zouma. Ikanyowa kumbuyo ndi zitosi, ikagwetsa mapiko, ikapuma mwaphokoso kapena ikatupa pansi pa maso, isiyeni ngakhale mtengo utsitsidwe. Zitosi zachikasu zamadzimadzi ndi chizindikiro cha matenda a chiwindi amene amapha nkhukundembo zambiri. Yang'ananinso nkhuku za pakhomopo. Ngati khola lili pululu ndipo mwini akugulitsa mwachangu, mwina chitopa chadutsapo.

Kenako inyamuleni. Papasani nganga: fupa lapakati likhale lokutidwa ndi mnofu mbali zonse ziwiri, osati lotuluka ngati mpeni. Kanikizani nsonga ya fupalo ndi chala. Ikamagonja, mbalameyo ndi yaing'ono ndipo nyama yake ndi yofewa. Ikakhala yolimba, ndi yokalamba. Miyendo yosalala imasonyezanso kuti ndi yanthete, pamene ya mamba okhakhala ndi chikhadabo chachitali kumbuyo ndi ya tambala wakale. Yabwino kudya ndi ya miyezi 6 mpaka 9. Musaiwale kufunsa ngati yapatsidwa mankhwala posachedwa, pakuti mankhwala ambiri amafuna kuti papite masiku olembedwa pa paketi nyama isanadyedwe.

Ndi bwino kugula kukadali masabata awiri kapena atatu, mitengo isanakwere. Mukafika nayo, ikhale m'khola lakelake, kutali ndi nkhuku zanu. Mukatero mumateteza ziweto zanu ku matenda obwera ndi mlendoyo, komanso mumapeza mpata woinenepetsa ndi gaga wa chimanga, mpunga wosweka, soya wokazinga, masamba aawisi ndi madzi oyera tsiku lililonse.

Ena amatuma abale kuti awagulire youmitsidwa m'firiji ku Chipata kapena ku Lusaka. Ulendo wochokera kumeneko ndi wautali, ndipo m'dzinja msewu wa Lundazi umachedwetsa magalimoto. Nyama ikasungunuka m'njira n'kufika yofunda, ndi yoopsa. Ikafika ikadali youma gwa, isungunukire m'firiji, tsiku limodzi pa makilogalamu awiri alionse, osati padzuwa. Amene alibe firiji agule yamoyo.

Kupha ndi kukonza

Madzulo a pa 24 December musaipatse chakudya, koma madzi okha, kuti matumbo akhale opanda kanthu. Ipheni m'mamawa kusanatenthe. Mbalameyi ndi yamphamvu, choncho pakhale anthu awiri, wina agwire mapiko ndi miyendo, wina adule ndi mpeni wakuthwa kamodzi kokha kuti isazunzike. Ilendewere mutu pansi mpaka magazi atatha. Madzi ososolera akhale otentha kwambiri koma osawira, pakuti owira amasupula khungu. Potumbula samalani ndulu ndi matumbo kuti zisaphulike. Yang'anani chiwindi: chikakhala ndi mawanga ozungulira otuwa kapena achikasu, chikwirireni, ndipo mudziwitse alangizi a ziweto. Tsukani nyama ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Mpeni, thabwa ndi manja zisambitsidwe ndi sopo musanagwire matimati kapena chakudya china, chifukwa tizilombo totsegula m'mimba timachoka pa nyama yaiwisi kupita pa zimenezi.

Chifukwa chake imalimba

Cholakwa chimene timachiona kawirikawiri ndi kuphika ziwalo zonse nthawi imodzi. Nkhukundembo ili ndi nyama ya mitundu iwiri. Ya miyendo ndi ntchafu ndi yoderapo, ili ndi mitsempha yambiri chifukwa mbalameyi imayenda tsiku lonse, ndipo imafewa pokhapokha itaphikidwa nthawi yaitali pa moto wochepa. Ya nganga ndi yoyera, ilibe mafuta ambiri, imapsa msanga, ndipo ikakhalitsa pamoto imauma n'kumakakamira kukhosi. Wophika akadikira kuti miyendo ifewe, nganga yauma kale. Akaphula nganga itangopsa, miyendo ikadali yolimba.

Njira imene timaphunzitsa pano ndi yoiduladula. Ikani miyendo, ntchafu, mapiko, khosi, msana ndi nthutumba mumphika waukulu. Thirani mchere, anyezi, adyo ndi madzi ofika pakati pa nyama. Zikawira, chepetsani makala pa mbaula kuti zizingobwata pang'onopang'ono, mphika uli wovundikira, kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nthawiyi nganga ikhale pamalo ozizira, yodulidwa nthulinthuli, yopakidwa mchere ndi madzi a mandimu, yovundikira kuopa ntchentche. Ngati mulibe firiji, isadikire kupitirira ola limodzi, koma muiwiritse payokha mwachidule n'kuiika pambali. Ithireni mumphika waukulu kutatsala mphindi 30 kapena 40. Pomaliza tsanulirani msuzi m'mbale, kazingani nyama m'mafuta ake omwe mpaka ifiire, onjezani matimati ndi tsabola, kenako bwezerani msuzi uja. Msuzi wotsala muphikire mpunga wathu wa ku Chama, umene fungo lake limadziwika mpaka ku Lusaka.

Amene ali ndi uvuni wa njerwa wophikira mabanzi angathe kuiotcha yathunthu, malinga ikhale yaing'ono msinkhu. Ipakeni mchere ndi mafuta mkati ndi kunja, muike m'chiwaya chokhala ndi madzi pang'ono, ndipo muvundikire nganga kuti isapserere. Moto ukhale wapakatikati. Ya makilogalamu 5 imatenga maola atatu kapena kupitirira pang'ono, ndipo mphindi 30 zilizonse muziithira msuzi wake pamwamba. Kuti mudziwe ngati yapsa, bayani pamene ntchafu yanenepa kwambiri, pafupi ndi fupa. Madzi otuluka akhale oyera, opanda kufiira konse. Amene ali ndi choyezera kutentha aone kuti chafika madigiri 74. Mukaiphula, ipume mphindi 20 musanaidule, kuti madzi ake asatayike.

Zotsala

Nyama yophika isakhale poyera kupitirira maola awiri, ndipo dzuwa likaswa mtengo, ola limodzi lokha. Yotsala muiwambe pa moto mpaka iume, kapena muiwiritsenso bwinobwino madzulo ndi m'mawa mwake, n'kuitha tsiku lomwelo. Koma njira yoposa zonse ndiyo kupatula mbale ya agogo, ya amasiye ndi ya odwala a mumpingo mwanu chakudya chikadali chotentha.

Kwa inu ofuna kugulitsa chaka chamawa

Mukaona mtengo umene ogula akulipira mwezi uno, kumbukirani kuti msika wa December umakonzedwa mu April. Mazira a nkhukundembo amaswa pa masiku 28, osati 21 ngati a nkhuku, ndipo anapiye amafuna miyezi 6 kapena 7 kuti akule. Oswedwa mu May kapena June amapewa chinyezi cha dzinja, koma amafuna kufunditsidwa usiku ndi kupatsidwa chakudya chomanga thupi chochuluka, monga soya wokazinga ndi chiswe. Aleredwe kutali ndi nkhuku, chifukwa matenda a chiwindi aja amafala kudzera m'mazira a njoka za m'mimba za nkhuku, ngakhale nkhukuzo zikuoneka zathanzi. Alandirenso katemera wa chitopa nyengo yotentha isanafike. Ndipo ngakhale wogula aumirire bwanji, musagulitse tambala wanu wabwino koposa ndi mathadzi oikira, pakuti amenewo ndiwo mbewu yanu.

Tikukufunirani nonse Khirisimasi yamtendere ndi mvula yabwino m'minda mwanu.