Chiperoni chikatsika pa Sapitwa, mawu omaliza akhale a yani?

Ulendo wapansi wodutsa phiri la Mulanje, kuyambira ku Likhubula mpaka kukatsikira ku Fort Lister cha ku Phalombe, umatenga masiku anayi kapena asanu kwa munthu wosathamanga. Tsiku loyamba ndi chikweza chokhachokha mpaka ku Chambe. Kuchoka pamenepo njira imalowera ku Chisepo, kumene amagona ofuna kukwera nsonga ya Sapitwa, n'kupitirira ku Thuchila, Chinzama ndi Sombani. M'malo onsewa muli nyumba zogonamo alendo, zambiri za matabwa a mkungudza, zokhala ndi pokolezera moto ndi mlonda woona za nkhuni ndi madzi. Mlendo amene anakwerapo Kilimanjaro wa mamita 5,895 akamva kuti Sapitwa ndi wa mamita 3,002 okha, amaliyesa phiri lathuli lachibwana. Kudererako n'kumene kwapweteketsa anthu. Ngozi ya pa Mulanje imabwera ndi nkhungu, mvula yowaza ndi mphepo, ndipo amene amaziona zikadali kutali ndi anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirili omwe amaperekeza alendo ndi kuwasenzera katundu. Nyengo ikasintha, mawu omaliza ayenera kukhala awo.

Chiperoni chinatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, chifukwa mphepo yake imachokera mbali imeneyo, kummwera chakum'mawa, itanyamula chinyontho cha nyanja ya mchere ya Indian. Chimakonda kufika pakati pa Meyi ndi Ogasiti, miyezi yomweyo imene alendo amaisankha poganiza kuti dzinja latha. Mphepoyo ikagunda phiri imakankhidwira m'mwamba, imazizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula ya mawawa yomwe imatha kukhala masiku angapo osakata. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, ndipo Sapitwa ali pamwamba pa boma la Mulanje ndi mamita oposa 2,000. Ndiye kuti tsiku limene anthu pa msika wa Chitakale akungoti kwachita kachisanu, kumtunda kumakhala kozizira kuposa pamenepo ndi madigiri 13 kapena kuposa, mphepo tisanaiwerengere. Onjezanipo kunyowa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo malaya a thonje ndi jinzi zikanyowa siziuma msanga, zimangomatirira pakhungu. Sipafunika chipale chofewa kuti munthu afe ndi chisanu.

Choopsa kwambiri pa chisanu chotere n'choti chimasokoneza mutu msanga. Kutentha kwa m'thupi kukatsika kuchoka pa madigiri 37 kufika pansi pa 35, munthu amanjenjemera, lilime limalemera, manja amalephera ngakhale kumanga chingwe cha nsapato, ndipo nzeru zoona kuti zinthu zaipa zimayamba kuthawa. Amaumirira kupitirira pamene woganiza bwino akanabwerera. Munthu wotere sangakhale woweruza mlandu wake womwe. Mu Julayi 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28 amene anaphunzira za chuma ndipo anali atazungulira mayiko ambiri, anakwera phirili ali ndi womuperekeza, koma chakumapeto anamusiya n'kulowera ku Sapitwa yekha. Nyengo inasintha. Thupi lake linapezeka pa 5 Ogasiti, patatha masiku 19, ndipo chomwe chinamupha chinali chisanu. Mnzake Fellipe Barbosa anajambula filimu ya ulendowo, Gabriel e a Montanha, yomwe inaonetsedwa ku Cannes mu 2017. Kumbuyoko, mu Seputembala 2003, mtsikana wina wa ku Netherlands anapitanso ku Sapitwa yekha, ndipo sanapezeke. Nkhani ya Buchmann ikuonetsa pamene pali dzenje: kukhala ndi womuperekeza sikupulumutsa munthu ngati mlendo angathe kumuuza kuti atsale.

Ena anganene kuti masiku ano foni ili ndi mapu, ndipo munthu wamkulu amene walipira ndalama zake ali ndi ufulu woika moyo wake pachiswe. Za foniyo n'zosavuta kuyankha. Batire limatha msanga kukazizira, netiweki imasowa m'zigwa zambiri, ndipo njira ya ku Sapitwa si kanjira kopondedwa ayi. Ndi matanthwe otsetsereka ndi miyala ikuluikulu imene munthu amaikwawa, kutsata timadontho ta penti. Nkhungu ikatseka, kadontho kotsatira sikaoneka, ndipo thanthwe lonyowa limaterera ngati therere. Mapu angakuuzeni pamene muli, koma sangakuuzeni mwala woti mupondepo. Za ufulu ndiye zikanamveka zikanakhala kuti wosochera amasochera yekha. Mlendo akasowa, amene amadzuka kukamufuna ndi anyamata omwewo a ku Likhubula ndi midzi yoyandikana nayo, m'nyengo yomweyo imene yamusokeretsa, masiku ambiri, kusiya minda ndi maganyu awo. Ufulu umene mtengo wake amalipira ndi ena ndi wofunika kuuikira malire.

Pali mtsutso wina wolemera kuposa umenewo: kodi odziwa phiri samafa? Amafa. Mu 1949, Fred France, mlangizi wa zankhalango amene ankakhala pa Chambe ndi banja lake, anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje wodzaza, ali paulendo ndi mlembi Laurens van der Post, yemwe anafotokoza imfayo m'buku lake la Venture to the Interior atamusintha dzina. Kanyumba kena ka pa Chambe kamatchulidwabe dzina la France. Koma nkhaniyi ikutsimikiza zomwezo, kuti pa Mulanje luso lalikulu ndi kudziwa nthawi yodikira. Phirili ndi thanthwe lolimba, silimwa madzi ambiri, choncho mvula ikagwa kumtunda, kamtsinje kamene m'mawa kanali kolumpha ndi phazi kamasanduka chigumula m'maola ochepa, n'kuphwanso mvulayo ikaleka. Woleza mtima amagona m'nyumba usiku wina n'kuwoloka mawa. Anthu a kuno amadziwa zimenezi popanda kuziwerenga m'buku. Akukumbukira Napolo wa mu Malichi 1991 amene anatsika ku Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 amene anagumula mbali za phiri n'kusiya zipsera zooneka munthu ali pamsewu. Phiri likagumuka, njira ndi madooko zimasintha, pamene buku la alendo limanenabe zakale. Wodziwa kuti pano sipakuwolokekanso ndi amene wadutsapo sabata yatha.

Apa mpofunika kunenapo za mizimu, popeza alendo ena amaseka akamva kuti phirili lili ndi eni ake, kuti munthu akapeza chakudya chokonzedwa kale m'nkhalango adye osaitana mnzake, ndiponso kuti dzina loti Sapitwa ndi chenjezo. Munthu akhoza kukhulupirira kapena ayi, koma mwambo woletsa kudzitama ndi kupatukana ndi anzako pamalo pamene nkhungu imatseka mwadzidzidzi uli ndi nzeru zake. Bungwe la UNESCO litaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu Julayi 2025, linaliika chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira, Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao. Zingakhale zodabwitsa kutamanda nzeru za anthuwa papepala n'kumazinyoza pa thanthwe.

Vuto lenileni lili pa ndalama, ndipo ili ndi limene otsutsa akanayenera kulinena poyamba. Woperekeza alendo amalipidwa ndi mlendo yemweyo amene akufunika kumukaniza. Amadikira nthawi yaitali kuti ulendo umugwere, kunyumba kuli ana ofuna fizi, ndipo akudziwa kuti bwana wokhumudwa sapereka kanthu kapamwamba, mwinanso akam'nenera zoipa pa intaneti. Mnyamata wa zaka 25 kuuza munthu amene wabwera pa ndege kuti "bwana, lero sitikwera" si chinthu chapafupi, makamaka kwa ife amene tinaleredwa kuti mlendo sakanizidwa. Choncho kungonena kuti amvereni sikukwanira. Mphamvu ya woperekezayo iyenera kulembedwa. Alendo amalembetsa kale mayina awo ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula asanakwere. Pomwepo angathe kusainira kuti woperekeza akalamula kubwerera kapena kugona tsiku lina, palibe kukambirana, ndiponso kuti malipiro ake sadulidwa chifukwa choti nsonga sinafikidwe. Nthambi ya zankhalango, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Mountain Club of Malawi ali ndi gawo kale pa nyumba ndi njira za m'phirimo, ndipo lamulo lotereli silifuna thandizo la kunja kuti litheke.

Chotsalira ndi thupi la wosenza katunduyo. Si zachilendo kuona mlendo atavala jekete yosalowa madzi ndi nsapato zokwerera mapiri, kumbuyo kwake kukubwera mnyamata wosenza chikwama chake atavala malaya opyapyala ndi nsapato zakutha. Timawatama anyamatawa chaka ndi chaka pa mpikisano wa Porters Race, pamene amathamanga m'maola ochepa mtunda umene ena amayenda tsiku lathunthu, koma mphamvu za miyendo siziletsa chisanu kulowa m'thupi lonyowa. Naye kutentha kwake kukatsika pansi pa madigiri 35, nzeru zimene gulu lonse likudalira zimasokonekera chimodzimodzi. Pa ndalama zimene mlendo amalipira pa geti ndi pa nyumba zogona, pangapatulidwe kagawo kogulira majekete a mvula ndi mabulangete oti azikhala ku Likhubula, ku Fort Lister ndi ku Chisepo, wonyamuka azisainira, pobwera n'kubweza.