Kodi phindu la chipatala liyezedwe motani? Funso la ku Scotland lafika ku Springburn

Kwa zaka zambiri, zipatala zakhala zikuyeza ntchito yawo powerenga odwala amene aonedwa, maopaleshoni amene achitika ndi mankhwala amene aperekedwa. Dziko la Scotland likusintha kaganizidwe kameneka. Funso tsopano ndi lakuti: kodi thandizolo lasintha moyo wa wodwala m'njira imene mwiniwakeyo akufuna, ndipo ndalama zimene zalowapo zagwira ntchito yake?

Kodi ganizoli linachokera kuti?

Linatchuka mu 2006, pamene Michael Porter ndi Elizabeth Teisberg a ku America anatulutsa buku lotchedwa Redefining Health Care. Iwo anati phindu la chipatala limaoneka poyerekeza zimene wodwala wapindula ndi ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito. Mu 2017, bungwe la OECD linanena kuti m'mayiko olemera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama za zaumoyo limangowonongeka.

Ku Scotland, mkulu wa madokotala m'boma, Catherine Calderwood, anayambitsa ndondomeko ya Realistic Medicine mu 2016. Amene analowa m'malo mwake, Gregor Smith, anaikulitsa mu Disembala 2022 pofalitsa masomphenya a chithandizo chotsamira pa phindu la wodwala.

Wodwala amaona kusintha kotani?

Iye amalimbikitsidwa kufunsa dokotala mafunso anayi asanavomere thandizo: ubwino wake ndi wotani, kuopsa kwake n'kotani, njira zina zilipo, nanga chingachitike n'chiyani akapanda kuchitapo kanthu. Mwachitsanzo, munthu wokalamba amene amamwa mapiritsi amitundumitundu angagwirizane ndi dokotala zosiya ena amene akungomuchititsa chizungulire.

Chifukwa chiyani Springburn?

Dera limeneli, lomwe lili kumpoto kwa mzinda wa Glasgow, linkadziwika padziko lonse popanga injini za sitima zapamtunda. Kampani ya North British Locomotive itatsekedwa mu 1962, ntchito zinayamba kusowa, ndipo lero mbali zina za derali zili m'gulu la madera osaukitsitsa ku Scotland. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2012 anapeza kuti anthu a m'madera otere amayamba kudwala matenda angapo nthawi imodzi zaka 10 mpaka 15 anzawo a m'madera olemera asanayambe.

Zosintha zina zinayamba kale. Chipatala chatsopano cha Stobhill, chimene chinatsegulidwa m'derali mu 2009, chinamangidwa kuti odwala ambiri azithandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. M'chaka chomwecho, madokotala a zipatala zazing'ono 100 za m'madera osaukitsitsa a dzikolo anapanga gulu la Deep End, lomwe lakhala likupempha nthawi yokwanira yokambirana ndi wodwala aliyense.

Vuto latsala pati?

Chithandizo cha boma ku Scotland n'chaulere, koma nthawi ya dokotala ndi yochepa. Mu 1971, dokotala wina, Julian Tudor Hart, anachenjeza kuti thandizo labwino limasowa kwambiri kumene likufunikitsitsa. Munthu wodwala shuga, mtima ndi nkhawa sangamalize mafunso anayi aja m'mphindi zochepa. Ngati madera monga Springburn sapatsidwa madokotala ndi anamwino ochulukirapo, opindula ndi ndondomekoyi adzakhala omwewo amene amatha kale kudzilankhulira.