Mbale za malemu bambo zinatsala pang'ono kuthera m'chigafa

Bambo atatisiya, katundu wawo anagawidwa tsiku limodzi. Njinga inapita kwa achimwene, wailesi kwa amalume. Koma bokosi lamatabwa lomwe linali pakona ya chigafa, pansi pa mikangala yopachikira fodya, palibe analiyang'ana kawiri. "N'zakale izo, apatseni ana aziseweretsa," anatero azakhali. Ine ndinangolisenza n'kubwera nalo kwanga.

Munali mbale za galamafoni 37. Zina bambo anabwera nazo kuchokera ku Joni, komwe ankagwira ntchito m'migodi Wenela isanaimitsidwe mu 1974. Zinazo anapatsidwa ndi mzungu wa pa esiteti ina kufupi ndi Santhe, pomwe analembedwa ukalaliki. Mbale 11 ndinapeza zitapindika ngati chipapa. Anthu a kuno ku Kasungu mukudziwa mmene Okutobala amatenthera, ndiye mbalezo zinali zitagonekedwa, ina pamwamba pa inzake, kwa zaka zambiri.

Ndinadikira mpaka nditagulitsa fodya ku Chinkhoma kuti ndipeze makina oimbira, okhaokha ogwiritsidwa kale ntchito, ku Lilongwe. Mbale yoyamba kuika inali ya anthu anayi okha: azeze awiri amene azungu amati violin, wina wokulirapo wotchedwa viola, ndi cello wa mawu a besi. Ng'oma panalibe, woimba pakamwa panalibenso. Poyamba ndinaseka. Bambo ankamvamo chiyani mmenemu?

Kuseri kwa chikuto ndi komwe ndinapeza yankho. Nyimboyo anaipeka Antonín Dvořák mu 1893 ku Spillville, kamudzi ka ku Iowa komwe kunkakhala anthu a kwawo ochokera ku Bohemia. Iye ankagwira ntchito ku New York, kutali ndi kwawo. Chigawo chachiwiri chitayamba, zeze akulira pang'onopang'ono ndipo cello akumuyankha, ndinakumbukira bambo atakhala pakhonde madzulo, osayankhula. Munthu amene anagonapo m'komponi ya pamgodi safuna womasulira nyimbo yotere.

Kuyambira pamenepo ndimafunsa m'midzi ndi m'misika, ku Chamama, ku Mtunthama, kulikonse. Ndaphunziramo zingapo. Mbale za 78 ndi zolemera ndipo zimasweka ngati mbale yadothi. Zimenezi ndiye za galamafoni yopukusa ija. Zazikulu za 33, zomwe kampani ya Columbia inayamba kutulutsa mu 1948, ndi zazing'ono za 45 zomwe zinabwera mu 1949, ndi zapulasitiki. Mukaziimba ndi singano yachitsulo ya galamafoni yakale, mwazipha. Mbale imasungidwa choimirira, pamthunzi, kutali ndi malata ndi utsi wa kukhitchini. Poigwira gwirani m'mphepete, ndipo fumbi pukutani ndi kansalu kofewa motsatira mizere yake.

Chimene ndikusakasaka tsopano ndi mbale za kwathu konkuno: za Nzeru Record Company ya ku Blantyre, komanso nyimbo zomwe Hugh Tracey anajambula m'dziko muno mu 1958. Zimenezi zikasweka, simungakazipeze m'sitolo.

Mwana wanga wamkazi, yemwe agogo akewo sanawaone, ndiye amatembenuza mbale masiku ano. Tsiku lina anapeza siginecha ya bambo pachikuto, yolembedwa ndi inki yabuluu, n'kuifanizira ndi yanga. Akuti timalemba mofanana.

Ndiye inu amene muli ndi bokosi lotere kunyumba, musanapatse ana kuti aziponyerana, litsekuleni kaye.