Kusintha Magiya ndi Batani pa Galimoto ya Injini ya Njinga Yamoto

M'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Matero ndi Kalingalinga, amakanika ndi amisiri owocherera zitsulo amaidziwa bwino injini ya njinga yamoto, cifukwa ndiyo imayendetsanso tigalimoto ta mawilo atatu tonyamula katundu. Koma mmisiri amene afuna kumanga galimoto yakeyake, yokhala ndi mpando ndi ciwongolero, amakumana ndi funso limodzi akaika injini yotere: magiya amene anapangidwa kuti azisinthidwa ndi phazi lamanzere adzasinthidwa bwanji?

Funsoli linayamba kale m'maiko ena. Ku Britain, makampani a Westfield ndi Radical anapanga galimoto zopepuka zoyenda ndi injini ya Suzuki Hayabusa, njinga imene inatuluka mu 1999. Pa mipikisano ya Formula One, kampani ya Ferrari inayamba mu 1989 kusintha magiya ndi tizitsulo tokhala kuseri kwa ciwongolero. Mu 2006 kampani ya Yamaha inatulutsa njinga ya FJR1300 imene woyendetsa atha kusintha magiya ake ndi cala.

Cinthu coyamba kumvetsa ndi cakuti batani silisintha mmene magiya anapangidwira. Magiya a njinga zambiri amatsatana motere: giya yoyamba, nyutulo, yaciwiri, yacitatu, mpaka yacisanu kapena yacisanu ndi cimodzi, ndipo sikutheka kulumpha ina. Batani limangolamula cipangizo cimene cimakankha kapena kukoka citsulo cija cimene phazi likanaponda. Poyamba ulendo ndi poima, kilachi imafunikabe. Giya yobwerera m'mbuyo mulibe mu injini zambiri za njinga, motero pamafunika bokosi lina lapadera ngati limene lili pa tigalimoto tambiri ta mawilo atatu.

Njira zodziwika zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya magetsi, imene imagwiritsa nchito cipangizo ca maginito, solenoid, monga zimene amapanga a Kliktronic ku Britain ndi a Pingel ku America. Njirayi ndi yosavuta kumanga, koma imakoka magetsi ambiri nthawi iliyonse batani likadindidwa. Yaciwiri ndi ya mpweya wopanikizidwa m'botolo. Imakankha mwamphamvu ndiponso mwamsanga, koma imafuna pampu kapena kudzaza botolo kawirikawiri, ndipo paipi ikaboola magiya amaleka kusintha. Yacitatu ilibe batani: ndi ndodo ya pamanja yolumikizidwa ku injini ndi citsulo kapena waya wolimba. Imeneyi ndi yotsika mtengo, ndipo wowocherera aliyense waluso atha kuipanga.

Posankha, mmisiri ayenera kuyamba wapima batire ndi caja ya injini. Injini zazing'ono zimapanga magetsi ocepa. Galimoto ikamayenda pang'onopang'ono usiku, nyali zili zoyaka, batire imafooka, ndipo cipangizo cimakankha mosakwanira. Pamenepo giya imalowa theka, mano a zitsulo zogwirana amadyeka, ndipo pambuyo pake giya imayamba kutuluka yokha. Mphamvu yopitirira muyeso nayonso ndi yoopsa, cifukwa imapinda mafoloko osankha magiya. Kukonza zimenezi kumafuna kutsegula injini yonse.

Caciwiri ndi misewu. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, madzi amasefukira m'misewu ya ku Kanyama ndi mbali zina za Chawama, pamene m'cilimwe fumbi limalowa paliponse. Cipangizo cosinthira magiya cimakhala m'munsi mwa injini, pamene matope amafika msanga. Cotero ciyenera kukhala cotsekeka bwino, mawaya ake okutidwa, ndiponso cokhala ndi fyuzi yakeyake.

Cacitatu ndi kabokosi kamene kamadula moto wa injini kwa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, kuti giya yokwera ilowe popanda kilachi. Kameneka kamathandiza pa mpikisano, koma wonyamula makala kapena zigubu za madzi ku Mtendere sapindula nako kwenikweni. Potsitsa magiya, kilachi ndiyo imateteza injini.

Amene batani limawathandiza koposa ndi anthu olumala miyendo, cifukwa limawapatsa mwayi woyendetsa ndi manja okha ndi kudzipezera ndalama. Kwa iwo kudalirika kwa cipangizo ndi nkhani yaikulu, popeza galimoto ikakanirira m'giya pakati pa msewu sangathe kutsika ndi kuikankha. N'cifukwa cake ndi nzeru kusiyapo ndodo ya pamanja yoti igwire nchito magetsi akalephera, ndi kuika kanyali koonetsa nyutulo pamalo oonekera.

Wogula ayeneranso kufunsa ngati zipangizo zosinthira zingapezeke m'dziko muno, cifukwa zocokera kunja zimalipiridwa msonkho ndipo zimatenga nthawi kufika.

Pomaliza, galimoto yomangidwa kapena yosinthidwa iyenera kulembetsedwa ndi kupimidwa ndi bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la mu 2002. Ndi bwino kufunsa bungweli nchito isanayambe, kusiyana ndi kutaya ndalama pa galimoto imene sidzaloledwa pamsewu.